Mavampaya a M'mabuku ndi Anamapopa a Kwathu: Gwero la Kusiyana Maganizo kwa Owerenga

Mabuku a nthano zoopsa okamba za mavampaya, akufa amene amati amadzuka m'manda usiku kukayamwa magazi a amoyo, afika ndithu m'manja mwa owerenga a ku Chipata, Katete ndi Petauke. Ena amawatola pa milu ya mabuku akale ogulitsidwa m'tauni, ena amatumizirana pafoni, ndipo ambiri anayamba aonera filimu kenaka n'kufunafuna buku limene filimuyo inachokera. Mwa mabuku onsewa, amene amautsa mkangano kwambiri ndi aja olonjeza kuulula chiyambi cha vampaya, kunena kuti woyamba anali ndani, ankakhala dziko liti, ndipo analakwa chiyani kuti imfa imukane. Munthu akamvetsera bwino zimene owerenga amanena akamaliza buku lotere, amaona kuti mkanganowo wagona pa funso lakuti chinthu choopsa chimaopsa chifukwa chiyani, ndipo pa funso limeneli wowerenga wokulira kuno kum'mawa kwa Zambia amabwera ndi zakezake zimene wolemba wa ku London sanaziganizirepo.

Mtundu wa nthano zimenezi umatchedwa gothic, ndipo akatswiri a zolembalemba amati unayamba mu 1764 pamene Horace Walpole anatulutsa buku lotchedwa The Castle of Otranto ku England. Zizindikiro zake sizivuta kuziona: linga lakale la miyala lokhala ndi zipinda zokhoma ndi njira zapansi, banja lolemera lobisa chinsinsi, tchimo la makolo lobwerera kudzasautsa zidzukulu, ndi munthu wosalakwa amene walowa m'nyumbamo osadziwa kuti potulukira palibe. Chochititsa chidwi n'chakuti Walpole poyamba sanavomere kuti bukulo analilemba ndi iyeyo. Ananena kuti linamasuliridwa kuchokera ku buku lakale la Chitaliyana limene linapezeka m'nyumba ya banja lina, ndipo anadziulula bukulo litagulidwa kwambiri n'kusindikizidwa kachiwiri. Motero mtundu umenewu unabadwa ndi khalidwe lodzikalambitsa, lonamizira kuti nkhani yopekedwa dzulo inachokera m'mipukutu ya makolo, ndipo wowerenga wodziwa zimenezi sadabwa akaona buku lamakono likuyamba ndi kalata yachikale yopezeka m'bokosi kapena mawu ozokotedwa pamwala wa manda.

Olemba ofuna kumupatsa vampaya ukale wa zaka zikwizikwi ali ndi potapa pambiri. Anthu a ku Mesopotamia ankaopa Lamashtu, chiwanda chachikazi chimene ankati chimavutitsa amayi apakati ndi makanda. Agiriki ankasimba za Lamia wodya ana, ndipo nthano za Ayuda zimatchula Lilith. Anne Rice, wolemba wa ku America, m'buku lake la mu 1988 lotchedwa The Queen of the Damned, anaika chiyambi cha mavampaya onse ku Egypt wakalekale, mwa mfumukazi Akasha amene mzimu wokonda magazi unalowa m'thupi mwake. Koma zimenezi ndi zosoka pamodzi nsalu zosiyana. Zoopsa za m'nthano zakalezo zinali ziwanda ndi zilombo, pamene vampaya amene timamudziwa ndi munthu wamba amene anamwalira, anaikidwa m'manda ndi abale ake, kenaka n'kumabwerera kudzatha mudzi. Vampaya wotereyu, monga momwe mabuku a ku Ulaya anamulandirira, ali ndi mbiri yolembedwa bwino ya zaka pafupifupi 300 zokha, ndipo mbiri imeneyi, m'kuona kwanga, ndi yoopsa kuposa zonse zimene olemba nthano apeka.

Mu 1718 pangano la ku Passarowitz linapereka mbali ya kumpoto kwa Serbia kwa ufumu wa Austria, deralo litakhala nthawi yaitali pansi pa ulamuliro wa Ottoman, ufumu wa anthu a ku Turkey. Kusintha kumeneku kunabweretsa akuluakulu a boma ndi madokotala a asilikali, anthu ozolowera kulemba malipoti, pakati pa alimi amene anali ndi miyambo yawo yakale yokhudza akufa osagona. Mu 1725, m'mudzi wa Kisiljevo munamwalira mlimi wina dzina lake Petar Blagojević. Patapita milungu ingapo, anthu 9 anamwalira m'masiku 8 okha, aliyense atadwala kanthawi kochepa, ndipo asanatsirizike ankanena kuti malemuyo amabwera usiku kudzawakanyanga pakhosi. Eni mudzi anapita kwa mkulu wa boma wa deralo, Frombald, kukamupempha kuti akhalepo pofukula manda. Iye anayesa kuzengereza ponena kuti ayambe wapempha chilolezo ku Belgrade, koma anthuwo anamuuza kuti akapanda kuwalola asamuka onse n'kuusiya mudziwo uli bwinja. Mfumu iliyonse imene inakumanapo ndi khamu lokwiya pa siwa ikhoza kumvetsa pamene Frombald anaima tsiku limenelo. Anapita kumandako pamodzi ndi wansembe, ndipo analemba kuti mtembowo sunali wowola, ndevu ndi zikhadabo zinkaoneka zakula, ndipo m'kamwa munali magazi ooneka atsopano. Anthu anakhoma chikhomo chosongola pamtima pa mtembowo n'kuutentha, ndipo lipoti lake linasindikizidwa m'nyuzipepala ya ku Vienna.

Nkhani yachiwiri inamveka kutali kuposa yoyamba. M'mudzi wa Medveđa munali msilikali wotchedwa Arnold Paole, amene ali moyo ankauza anzake kuti vampaya anamuvutitsapo kudera lina, ndipo anadziteteza podya dothi la pamanda a vampayayo ndi kudzipaka magazi ake. Paole anafa atagwa pangolo ya udzu. Anthu anayi atamwalira pambuyo pake, mudzi unamufukula patatha masiku 40, ndipo mboni zinati pomukhoma chikhomo anabuula. Patapita zaka pafupifupi zisanu imfa zinayambiranso, ndipo anthu anati Paole anayamwanso ziweto, motero amene anadya nyama ya ziwetozo anatengera tsokalo. Boma linatumiza dokotala wa asilikali, Johann Flückinger, amene mu January 1732 anafukulitsa mitembo yambiri, kuing'amba, n'kusainira pamodzi ndi anzake kuti ingapo mwa iyo inalidi ndi zizindikiro za uvampaya. Poti anasaina ndi madokotala, lipotilo linakhulupirika, linakopedwa ndi kumasuliridwa ku Germany, ku France ndi ku England, ndipo ophunzira a m'mayunivesite anayamba kulemba mabuku otsutsana pa nkhaniyi.

Kodi anthuwa anaona chiyani m'mandamo? Anaonadi zimene analemba, koma anazitanthauzira molakwa, ndipo Paul Barber anafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane m'buku lake la mu 1988. Thupi likayamba kuwola, tizilombo ta m'matumbo timatulutsa mpweya umene umalitupitsa, moti munthu amene anafa ali wowonda ndi matenda amaoneka wonenepa ngati wakhala akudya bwino m'manda. Aliyense amene anaonapo mbuzi yogundidwa ndi galimoto itagona m'mbali mwa msewu wa Great East m'dzuwa la October akudziwa mmene mimba imafufumira ndi mmene madzi ofiirira amatulukira m'mphuno ndi kukamwa. Mpweya womwewo ndi umene umakankhira madzi osakanikirana ndi magazi kukamwa kwa mtembo. Khungu likamauma limakwinyika n'kubwerera m'mbuyo, ndiye zikhadabo ndi ndevu zimaoneka zatalika ngakhale sizinakule. Mtengo ukakhomedwa pachifuwa chodzaza mpweya, mpweyawo umathawira pakhosi n'kumveka ngati kubuula. Ndipo m'dothi lozizira la ku Ulaya mtembo umatha kukhala milungu yambiri osawola kwenikweni, zimene kwa ife a dziko lotentha n'zachilendo. Pamwamba pa zonsezi panali matenda opatsirana amene anthu sankadziwa mmene amayendera. Woyamba kufa m'banja akatsatidwa ndi mkazi wake, mwana wake ndi mnansi amene ankamudwazika, zinali zosavuta kuganiza kuti iyeyo ndiye akuwaitana. Maganizo amenewa anafika mpaka ku America, kumene mu 1892 anthu a ku Exeter m'chigawo cha Rhode Island anafukula mtsikana wotchedwa Mercy Brown, amene anafa ndi chifuwa chachikulu, natentha mtima wake pofuna kupulumutsa mlongo wake amene ankadwala nthenda yomweyo. Mnyamatayo anamwalirabe patangopita miyezi yochepa.

Ku Austria nkhaniyi inathetsedwa ndi lamulo. Mfumukazi Maria Theresa inapempha dokotala wake, Gerard van Swieten, kuti aiunike, ndipo iye atanena kuti zonsezo zinali mantha ndi kusadziwa mmene mitembo imawolera, mu 1755 mfumukaziyo inaletsa kufukula ndi kutentha akufa pa zifukwa zotere.

Vampaya wa m'malipoti aja anali mlimi wosauka, wotupa, wofiira nkhope, wovala nsalu ya maliro. Amene anamuveka suti ndi olemba nthano. Mu 1816, m'nyumba ina ya m'mbali mwa nyanja ya Geneva, alendo anapikisana kupeka nkhani zoopsa, ndipo pa mpikisano umenewo panachokera Frankenstein wa Mary Shelley komanso The Vampyre wa John Polidori, amene anali dokotala wa mlakatuli Lord Byron. Nkhani ya Polidori, yosindikizidwa mu 1819, inasandutsa vampaya kukhala bwana wolemekezeka, wooneka bwino, woitanidwa kumaphwando a anthu apamwamba, uja akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sheridan Le Fanu anabweretsa vampaya wamkazi mu Carmilla mu 1872, ndipo mu 1897 Bram Stoker, mbadwa ya ku Dublin amene ankayendetsa nyumba ya zisudzo ku London, anatulutsa Dracula. Stoker sanapondeko ku Transylvania, kwawo kwa Dracula m'bukulo, dera limene lero lili m'dziko la Romania. Dzikolo analidziwira m'mabuku a apaulendo, ndipo dzina lakuti Dracula analipeza m'buku la mbiri ya Wallachia, dera loyandikana ndi Transylvania, limene anawerenga mulaibulale ya ku Whitby mu 1890.

Apa ndi pamene owerenga okonda mbiri yakale amayambira kudandaula. Mabuku ndi mafilimu ambiri amakono amanena mosakayika kuti vampaya woyamba anali Vlad wachitatu, wolamulira wa Wallachia wa m'zaka za m'ma 1400, wodziwika ndi nkhanza zopachika adani ake pa mitengo yosongola. Vlad analikodi ndipo nkhanza zake zinalembedwa, koma anthu a m'nthawi yake sankamunena kuti ndi wakufa woyamwa magazi, ndipo ambiri ku Romania amamukumbukira ngati munthu amene analimbana ndi ufumu wa Ottoman. Mphunzitsi wa mbiri amene wawerenga buku lotere amakwiya poona kuti wophunzira wake satha kusiyanitsa pamene mbiri yathera ndi pamene kupeka kwayambira. Ndimamumvetsa, ngakhale ndikuona kuti akulipempha bukulo chinthu chimene mtundu wake sunalonjezepo kuyambira masiku a Walpole.

Owerenga achinyamata ali ndi dandaulo lina, ndipo lawo limachokera ku mafilimu. Amadabwa kupeza kuti m'buku la Stoker Dracula amayenda masana m'misewu ya London osapsa ndi dzuwa, pakuti zoti kuwala kwa dzuwa kumapha vampaya zinafala ndi filimu ya ku Germany ya mu 1922 yotchedwa Nosferatu. Amatopanso ndi kalembedwe ka bukulo, limene lonse ndi makalata, zolemba za tsiku ndi tsiku za anthu osiyanasiyana ndi zodula m'nyuzipepala. Ambiri amati mitu inayi yoyambirira, pamene loya wachinyamata Jonathan Harker watsekeredwa mu linga n'kuona mwini nyumba akukwawa chamutu pakhoma lakunja, ndi yokoma kwambiri, koma kenaka mwini nkhaniyo amasowa, ndipo chiyambi chake chimangokhudzidwa m'mawu ochepa onena kuti anaphunzirapo pa sukulu ya Satana. Achinyamatawa amakonda mabuku a pambuyo pa 1976, chaka chimene Anne Rice anayamba kulola vampaya kudzisimbira yekha mbiri yake, kudandaula za kusungulumwa kwa moyo wosatha ndi kulira anthu amene anawakonda n'kuwaika m'manda mmodzimmodzi. Iwo amati munthu sangamvetse mdani amene sakudziwa kumene wachokera.

Pamenepa ine ndili kumbali ya Stoker. Buku likafotokoza chiyambi chonse cha chinthu choopsa, kutchula chaka, mfumu ndi temberero, limamupatsa wowerenga chidziwitso n'kumulanda mantha. Vampaya amene tikudziwa amayi ake, amene taona mmene anapwetekedwera asanasanduke, timayamba kumumvera chisoni, ndipo nthano imachoka pa zoopsa n'kukhala mbiri ya banja lalikulu lokangana. Sindikunena kuti mabuku oterowo ndi oipa, pakuti ena analembedwa mwaluso ndipo amafunsa mafunso ozama okhudza imfa. Ndikungoti amene amawatseka n'kunena kuti sanachite mantha akunena zoona, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho chimene anzawo amawakondera.

A kutchalitchi nawonso ndi ogawanika. Alipo amene safuna n'komwe kuti buku lotere ligone m'nyumba mwawo, poti kwa iwo kuwerenga za ziwanda ndi kuziitana, ndipo mayi wopeza mwana wake wa ku sekondale ali ndi buku la chikuto chojambulidwa mano ndi magazi sayamba wafunsa za mbiri ya zolembalemba. Ena amene analiwerengadi amati Dracula ndi buku loopa Mulungu kuposa mmene anthu amaganizira. Amakumbutsa za Levitiko chaputala 17, pamene pamanena kuti moyo uli m'mwazi ndipo pamaletsa kuudya, ndipo amaona vampaya ngati Mgonero wa Ambuye wotembenuzidwa chadodolido, poti Khristu anapereka mwazi wake kuti ena akhale ndi moyo pamene vampaya amalanda mwazi wa ena kuti iye asafe. Komabe wowerenga wa mpingo wa Reformed amakhumudwa poona mtanda ukugwiritsidwa ntchito ngati chithumwa, ndipo Mkatolika amanyansidwa poona Van Helsing, dokotala wotsogolera osaka Dracula, akunyenyanyenya mkate wopatulika n'kumatira nawo chitseko cha manda. Stoker ankadziwa za vuto limeneli. Kumayambiriro kwa bukulo mayi wina wokalamba amamuveka Harker mtanda m'khosi, ndipo Harker amalemba kuti mpingo wake wa ku England unamuphunzitsa kuona zotere ngati kupembedza mafano, koma anaulandira poopa kumukhumudwitsa mayiyo.

Maganizo amene amandigwira mtima kwambiri ndi a owerenga achikulire, aja okulira kumudzi, amene amamaliza bukulo n'kunena kuti sanaone choopsa chenicheni. Kwa iwo munthu wakufa si mdani mwa iye yekha. Akaikidwa bwino, adzukulu atagwira ntchito yawo, abale atameta, amakhala mzimu wa banja umene ungakwiye ukaiwalidwa koma umapepesedwa. Kumanda kwa Achewa, amene amaopedwa ndi wamoyo, mfiti imene amati imapita usiku kukafukula mtembo watsopano kuti idye, n'chifukwa chake mantha amakhala oti wakufa angachitiridwe chipongwe ndi amoyo, pamene ku Serbia ankaopa kuti wakufayo ndiye achita chipongwe. Max Marwick, amene anachita kafukufuku pakati pa Achewa a kuno m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 n'kutulutsa buku lake mu 1965, anapeza kuti pa milandu yambiri ya ufiti woganiziridwa ndi wolodzedwa anali pachibale, makamaka a mbumba imodzi, ndipo pansi pake pamakhala mkangano wa chuma, ufumu kapena udindo. Munthu wokulira m'maganizo otere akamva za bwana wa ku dziko lakutali wogona m'bokosi, amaona ngati zamasewera, poti mantha amene iye amawadziwa amadya naye nsima mbale imodzi.

Koma kunena kuti woyamwa magazi ndi wachilendo kwathu kungakhale kunama. Kuyambira cha m'ma 1930, m'dziko lino limene panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia, munafala mphekesera za banyama, anthu akuda amene ankati analembedwa ntchito ndi azungu kuti azigwira anzawo m'njira n'kuwachotsa magazi opangira mankhwala. Katswiri wa mbiri wa ku Zambia, Mwelwa Musambachime, analemba za mphekeserazi mu 1988, kuzilondola kuchokera mu 1930 mpaka 1964, ndipo Luise White anaziunika pamodzi ndi zofanana nazo za ku Kenya, Tanganyika, Uganda ndi Congo m'buku lake la mu 2000. Oganiziridwa ankakhala ogwira ntchito za boma zoyang'anira nyama zakutchire ndi kuthana ndi ntchentche za kaodzera, azachipatala otenga magazi, ngakhale ansembe ena achizungu, ndipo m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anthu oganiziridwa kuti akuchikometsera ankatchedwanso banyama. Woyamwa magazi wa kwathu ndi wamoyo, ali pa malipiro, ali ndi galimoto, tochi, jakisoni ndi botolo, ndipo magaziwo samwa yekha koma amakapereka kwa bwana wake. N'chifukwa chake funso limene mabuku a ku Ulaya amalimbana nalo, lakuti chinthuchi chinayamba liti, silimugwira kwambiri wowerenga wa kuno. Funso limene iye anazolowera kumva ndi lakuti wamutuma ndi ndani, ndipo akupindula ndi ndani.

Wowerenga wofunsa motero amaona mu Dracula zinthu zimene wowerenga wa ku England angazidumphe. Bwanayo safika ku London ngati chilombo chouluka, koma amayamba wagula nyumba kudzera mwa loya, ndi mapepala osainidwa bwino, amatumiza mabokosi 50 a dothi la kwawo pa sitima ya pamadzi, n'kuwagawa m'malo osiyanasiyana a mzindawo. Angerezi a mu 1897 ankanjenjemera powerenga za mlendo wobwera ndi golide kudzagula malo n'kuyamba kuyamwa eni dziko. Miyezi yochepa pambuyo pake, kumayambiriro kwa 1898, asilikali a Britain anagonjetsa Angoni a Mpezeni kuno kwathu, mwana wake Nsingo anaphedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo kampani ya North Charterland inatenga malo aakulu potengera chilolezo chimene ankati Mpezeni anapereka kwa Carl Wiese. Tauni ya Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inamangidwa pambuyo pa nkhondo imeneyo. Stoker sankalemba za ife, ndipo sindikufuna kumuika mawu m'kamwa, koma sindingamudzudzule mdzukulu wa Angoni amene powerenga bukulo amaona kuti Angerezi ankaopa kuchitiridwa chimene iwo ankachitira ena.

Mphekesera za opopa magazi sizinathe ndi ufulu wodzilamulira. Ku Malawi, kumene timangodutsa pa Mwami n'kufika ku Mchinji ndipo nkhani za kumeneko zimatipeza tsiku lomwelo, zinabuka kumapeto kwa 2002, ndipo mu 2017 zinabukanso ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi makamu powaganizira kuti ndi anamapopa, mmodzi mwa iwo ali wodwala khunyu, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena a kum'mwerako. Kuno ku Zambia, kumayambiriro kwa 2020, mantha a anthu opopera mpweya wogonetsa m'nyumba anayambira ku Chingola n'kufalikira dziko lonse, mphekesera zina zikunena kuti cholinga chinali kutenga magazi, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu okwiya popanda kuweruzidwa. Tikaika zimenezi pambali pa za ku Kisiljevo, kufanana kwake n'koonekeratu: imfa kapena mantha osafotokozeka, mudzi wosagona tulo, mboni zolumbira kuti zinaona, ndi boma lofika mochedwa. Kusiyana kwake n'kumodzi koma n'kwakukulu. Blagojević ndi Paole anali atafa kale pamene ankawakhoma zikhomo, pamene kwathu woganiziridwayo amakhala wamoyo, kawirikawiri mlendo wosokera, wodwala misala kapena munthu wonyamula chikwama chimene ena sanachimvetse.

Ndikuganiza kuti ichi ndi chifukwa chake owerenga ena a kuno amati mabuku a mavampaya amawapumitsa m'malo mowaopseza. Vampaya wa m'buku ali ndi malamulo. Saoneka pagalasi, salowa m'nyumba koyamba asanaitanidwe, amathawa adyo ndi mtanda, ndipo ayenera kugona pa dothi la kwawo. Amene akumusaka ali ndi njira yotsimikizira, moti m'nthanomo sakhoma chikhomo pa munthu wosalakwa. Mphekesera ilibe muyeso wotero, pakuti aliyense akhoza kukwanira m'menemo, ndipo kukana mlandu kumatengedwa ngati umboni wina. Owerenga ena amaona nkhaniyi mosiyana kotheratu. Iwo amati buku limene limaphunzitsa kuti gulu la anthu abwino likhoza kudziweruzira lokha, kuthyola nyumba ndi manda usiku n'kupha popanda khoti, n'loopsa m'dera limene zotere zinachitikadi, ndipo amakonda mabuku aja ofotokoza chiyambi chifukwa chakuti amakakamiza wowerenga kumuona wosakidwayo ngati munthu. Mfundo imeneyi ndi yamphamvu, ndipo ndi yokhayo imene imandichititsa kuwapatsa ulemu wina mabuku amene ndawanena kuti amachepetsa mantha.

Palinso tsamba lina m'buku la Stoker limene anamwino ndi ena ogwira ntchito m'zipatala amaimapo nthawi yaitali. Mtsikana wotchedwa Lucy akamafooka usiku ndi usiku, madokotala amamuika magazi ochokera kwa amuna anayi osiyanasiyana, mmodzi pambuyo pa mnzake. M'bukumo jakisoni ndi kapaipi kodutsa magazi zili m'manja mwa opulumutsa, pamene m'mphekesera za kwathu zida zomwezo ndi zimene amati namapopa amayenda nazo, ndipo mantha oterewa akabuka amavutitsa anthu a zaumoyo amene amayenda m'midzi ndi m'masukulu kuyeza malungo kapena kupempha magazi oti akapulumutse amayi otaya magazi pobereka. Koma wachipatala amaonanso china chimene Stoker sakanachidziwa. Magulu a magazi anatulukiridwa ndi Karl Landsteiner mu 1901, patatha zaka zinayi bukulo litatuluka, kotero Van Helsing amathira magazi a anthu anayi m'thupi la wodwala mmodzi popanda kuyeza ngati akugwirizana. Lucy amamwalirabe, ndipo bukulo limaloza chala Dracula yekha, koma namwino wa masiku ano akanafuna kuti madokotala akewo nawonso afunsidwe.